Danga Lachisanu ndi Chiwiri: Mbiri ya Kapitawo wa M'kompyuta

Lero tikamba za mzere umodzi wokha wa zilembo, mzere umene uli m'kati mwa makompyuta ambirimbiri pa dziko lapansi, ndipo wakhala momwemo kwa zaka zoposa 50. Koma tisanafike ku makinawo ndiloleni ndiyambire ku Thyolo, pakuti kumeneko kuli chinthu chimene ambiri a inu mukuchidziwa, ndipo chitithandiza kumva nkhani yonseyi.

Tiyi adayamba kulimidwa m'boma la Thyolo m'chaka cha 1908, atakhazikika kale ku Mulanje. M'masiku amenewo munthu wofika pa esiteti kudzafuna ntchito, kaya ndi mbadwa ya komweko, kaya ndi Mlomwe wochokera ku Mozambique, ankayamba walembedwa m'buku la kalaliki, kenaka n'kuperekedwa m'manja mwa kapitawo. Mwini munda sankalankhula ndi wothyola tiyi aliyense payekha. Kapitawo ndiye ankaima pakati. Iye ankamva zonena za ku ofesi ndi zonena za m'munda, ankagawa mizere, ndipo dandaulo lililonse linkadzera mwa iye. Kapitawo akakhala womvetsa, tsiku linkatha bwino. Akakhala wouma mtima, dengu linkalemera kawiri. Ndipo wantchito sankafunsidwa kuti akufuna kapitawo uti.

Tsono kompyuta imene imayendera dongosolo lotchedwa Unix, pamodzi ndi abale ake monga Linux, nayo ili ndi buku la maina, ndiponso ili ndi kapitawo wake. Pakatikati pa makinawo pali pulogalamu yaikulu yotchedwa kernel, ndiko kunena njere ya m'kati, imene imasunga mafayilo, kugawa nthawi ndi kulamulira zipangizo zonse. Munthu salankhula nayo mwachindunji. Amalankhula ndi pulogalamu ina yaing'ono imene imakuta njereyo monga khoko likutira mtedza, ndipo dzina lake ndi shell, ndiye kuti chigoba. Inu mukalemba lamulo, shell imaliwerenga, imaitana pulogalamu yoyenera n'kuipatsa ntchitoyo. Ntchito ikatha imabwerera kwa inu ndi kudikira lamulo lina. Funso la nkhani yathu ndi lakuti: kodi ndani amasankha shell imene idzakulandireni pakhomo, ndipo zimenezo zimalembedwa pati?

Dzinali lidabadwa Unix asanabadwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kompyuta imodzi inkadzaza chipinda, ndipo wofuna kuigwiritsa ntchito ankapereka mulu wa makadi obooledwa n'kukadikira yankho, mwina mpaka mawa. Pa sukulu ya ukachenjede ya MIT, pafupi ndi mzinda wa Boston ku America, adapeza njira yoti anthu ambiri azigwiritsa ntchito kompyuta imodzi pa nthawi yomweyo, aliyense atakhala pa makina ake otayipira. Dongosololi adalitcha CTSS, ndipo adalionetsa koyamba m'chaka cha 1961. Kumeneko kudali katswiri wochokera ku France, Louis Pouzin, amene adatopa ndi kubwereza malamulo omweomwewo tsiku ndi tsiku, nalemba kapulogalamu kotchedwa RUNCOM kowerenga mndandanda wa malamulo m'malo mwake. Pamene MIT idagwirizana ndi makampani a General Electric ndi Bell Labs kuti amange dongosolo lalikulu la Multics, Pouzin ndiye adapereka dzina lakuti shell, ndipo mayi wina wa pa MIT pomwepo, Glenda Schroeder, ndiye adagwira ntchito yoilemba.

Multics idakula mopitirira, idadya ndalama ndi nthawi, kotero m'chaka cha 1969 a Bell Labs adachokamo. Akatswiri awo ku Murray Hill, m'chigawo cha New Jersey, adatsala manja ali m'khosi. Mmodzi wa iwo, Ken Thompson, adapeza kompyuta yaing'ono ya PDP-7 imene inkangokhala, ndipo m'chilimwe cha chaka chomwecho, mkazi wake atapita ndi mwana kukaona abale ku California, iye adagawa nthawi yake motere: sabata imodzi ya njere ya m'kati, sabata imodzi ya shell, sabata imodzi ya pulogalamu yolembera, ndi sabata imodzi ya pulogalamu yomasulira malamulo m'chilankhulo cha makina. Umo ndi mmene Unix adayambira, ndipo mnzake Dennis Ritchie adagwirana naye manja pa ntchitoyi kwa zaka zambiri.

Pa zonse zimene anthu awiriwa adatola ku Multics, ine ndiona kuti chanzeru koposa chidali ichi: shell sadaiwumbire pamodzi ndi njere ya m'kati. Adaisiya kunja, pulogalamu wamba yonga ina iliyonse, yopanda ulemu wapadera. Chinthu chimene chili kunja chingathe kuchotsedwa n'kuikapo china, makina osagwedezeka. Koma ngati shell ingathe kusinthidwa, ndiye kuti payenera kukhala malo olembapo kuti wakutiwakuti alandiridwe ndi shell yakutiyakuti. Malowo adawaika m'buku la maina, fayilo yotchedwa /etc/passwd.

M'fayilo imeneyi munthu aliyense ali ndi mzere umodzi. Pofika chaka cha 1979 mzerewo udali utakhazikika pa madanga asanu ndi awiri, olekanitsidwa ndi timadontho tiwiri tosanjikizana, ndipo mpaka lero chiwerengerocho sichidasinthe. Amene muli ndi magazini m'manja onani chitsanzo ichi:

mlendo:x:1001:100:Mlendo:/home/mlendo:/bin/sh

Danga loyamba ndi dzina lolowera. Lachiwiri lidali la mawu achinsinsi obisidwa; masiku ano mumangokhala chilembo cha x, chifukwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mawuwo adayamba kusamutsidwira ku fayilo ina yotsekedwa. Lachitatu ndi nambala ya munthuyo, lachinai nambala ya gulu lake, lachisanu dzina lake lonse, lachisanu ndi chimodzi ndi chipinda chake chosungiramo mafayilo. Lachisanu ndi chiwiri, lakumapeto kwenikweniko, ndilo la shell.

Munthu akafika pa makina amakumana ndi mlonda wa pachipata, pulogalamu yotchedwa login. Mlondayo amafunsa dzina ndi mawu achinsinsi, ndipo zikagwirizana ndi za m'buku amamulowetsa m'chipinda chake, n'kudzutsa pulogalamu imene yalembedwa m'danga lomaliza. Dangalo likakhala lopanda kanthu, amadzutsa /bin/sh. Pulogalamu imeneyo ikatha, ulendo wa munthuyo wathanso. Amapezeka ali kunja kwa chipata. Ndipo taonani kuti m'dangamo salembamo dzina lokha ai, koma njira yonse. Mafayilo a Unix adasanjidwa monga mtengo, kuyambira patsinde kupita ku nthambi, ndipo kamzere kopendekera koyambako ndiko tsinde. Choncho /bin/sh atanthauza kuti: yambira patsinde, lowa m'chipinda cha bin, utenge sh. Mlondayo safunsa njira kwa anthu odutsa ndipo sayendayenda kufufuza. Amapita pamene mwamulozera, pomwepo basi.

Poyamba dangali silidali la ufulu konse. Mu July 1974 Ritchie ndi Thompson adasindikiza nkhani yofotokozera dziko za Unix m'magazini ya akatswiri yotchedwa Communications of the ACM, ndipo m'menemo adalongosola ntchito ya dangali mosabisa. Adapereka chitsanzo cha anthu amene ntchito yawo idali yotayipa zikalata basi. Kwa otere, m'danga lomaliza ankalembamo pulogalamu yolembera m'malo mwa shell, kotero kuti munthu akangolowa ankapezeka ali kale pa ntchito yake, ndipo njira yokaonera zina idali yotsekeka. Chitsanzochi sichidali chongopeka, pakuti anthu oyamba kugwiritsa ntchito Unix kunja kwa gulu la akatswiriwo, m'chaka cha 1971, adali otayipa a mu ofesi yoona za umwini wa zotulukira pa Bell Labs pomwepo. Adanenanso za masewera monga chess: aliwonse adali ndi mzere wakewake m'buku la maina, ndipo wolowa pa dzina limenelo ankakumana ndi masewerawo okha, akatha n'kutuluka. Apa dangali lidali chingwe m'manja mwa woyang'anira makina, amene pa Unix amatchedwa root ndipo nambala yake ndi 0. Iye yekha ndiye adali ndi mphamvu yolemba m'bukumo. Zidali monga pa esiteti paja: kalaliki walemba, nkhani yatha.

Chimene chidasintha zinthu ndi kubwera kwa shell yachiwiri. Kampani ya AT&T, mwini wake wa Bell Labs, idali italetsedwa ndi chigamulo cha 1956 kuchita malonda ena kupatula a matelefoni, choncho Unix adaperekedwa ku mayunivesite pa mtengo wochepa, pamodzi ndi zolembedwa zake zonse za m'kati. Mu 1975 Thompson adapita kukaphunzitsa kwa chaka ku yunivesite ya California ku Berkeley, ndipo ophunzira a kumeneko adayamba kukonza Unix monga iwo adafunira. Mmodzi wa iwo, Bill Joy, adalemba shell yake yotchedwa csh, imene idafalitsidwa m'chaka cha 1979. Inkakumbukira malamulo amene munthu adalemba kale, kuti asavutike kuwatayipanso, ndipo inkalola kupatsa lamulo lalitali dzina lalifupi. M'chaka chomwecho a Bell Labs adatulutsa Unix wachisanu ndi chiwiri, ali ndi shell yatsopano yolembedwa ndi Stephen Bourne wa ku Britain, imene idatenga malo a shell ya Thompson pa /bin/sh. Ya Bourne idali yabwino polemba mindandanda ya malamulo yoti makina aziyendetsa okha. Ya Joy idali yokoma pocheza ndi makina maso ndi maso. Anthu adagawikana, ndipo mkangano wake udatenga zaka zambiri.

Tangoganizani woyang'anira makina a pa yunivesite, ophunzira mazanamazana akugogoda pakhomo pake, uyu akuti ndisinthireni ku csh, uyo akuti ndibwezereni ku sh. Ku Berkeley adaona kuti ndi bwino munthu azidzisinthira yekha, ndipo adalemba kapulogalamu kotchedwa chsh, chidule cha mawu a Chingerezi otanthauza kusintha shell. Koma apa padali mfundo yovuta kumasula. Buku la maina ndi la root. Munthu wamba akaloledwa kulembamo, chingamuletse n'chiyani kusintha nambala yake kukhala 0, n'kusanduka mwini makina?

Yankho lidali litapezeka kale m'nzeru ina ya Ritchie. Iye adakonza zoti fayilo ya pulogalamu ingathe kuikidwa chizindikiro chapadera, chotchedwa setuid, kotero kuti aliyense woidzutsa, pulogalamuyo imagwira ntchito ndi mphamvu za mwini fayilo, osati za woidzutsayo. Boma la America lidavomereza umwini wa nzeruyi m'chaka cha 1979, ndipo kampani idaisiya kuti aliyense aigwiritse ntchito mwaulere. Choncho chsh ili ngati mthenga wokhulupirika amene wapatsidwa kiyi wa ku ofesi. Inu simulowa mu ofesimo. Mumauza mthengayo chimene mukufuna, iye amatsimikiza kuti ndinudi, amalowa, amasintha danga limodzi lokha pa mzere wanu wokha, n'kutseka chitseko. Lero munthu amangolemba kuti chsh -s /bin/zsh, kupereka mawu ake achinsinsi, ndipo akatuluka n'kulowanso amapeza kapitawo watsopano akumudikira. Ambiri amadabwa poona kuti palibe chasintha nthawi yomweyo. Aiwala kuti mlonda amawerenga buku pa nthawi yolowa yokha.

Ufulu umenewu udali ndi malire kuyambira pachiyambi. chsh yoyambirira inkangovomera maina ochepa olembedwa m'kati mwake momwemo. M'zaka zakumapeto za m'ma 1980 a ku Berkeley adatulutsa mainawo n'kuwaika m'fayilo yapadera, /etc/shells, mmene woyang'anira amalembamo njira za ma shell onse amene iye wawavomereza, mzere uliwonse njira imodzi. Munthu wamba amasankha pakati pa zimenezo basi. Pa makina ambiri a Linux, ngati shell imene muli nayo tsopano siili pa mndandandawo, chsh imakana kukusinthirani, poganiza kuti woyang'anira adakumangani dala. Ndipo chingwe chakale chija sichidatayidwe: kufikira lero, maina a m'buku amene si a anthu koma a mapulogalamu otumikira, m'danga lawo lomaliza mumalembedwa nologin kapena false, timapulogalamu timene ntchito yake n'kungotha nthawi yomweyo. Wantchito akachoka pa kampani, nthawi zambiri amamulembera zomwezo. Dzina lake likadali m'buku, mafayilo ake alipo, koma chipata chimamubweza.

Apa ndipo pagona ngozi imene yaliza oyang'anira makina ambiri. Mndandanda uja umateteza munthu wamba kuti asadzilembere njira yolakwika, koma root alibe womuletsa. Iye angathe kulemba chilichonse m'danga lake lomwe. Akaphonya chilembo chimodzi, kapena akaloza ku shell imene pambuyo pake yafufutidwa, kapena imene ili pa disiki ina yosatseguka pa nthawi ya vuto, mlonda amapita pamene walozeredwa, sapeza kanthu, ndipo amamubweza mwini nyumba pakhomo pake pomwe. Choipa n'chakuti munthu yekhayo amene akadakonza bukulo ndi yemweyo watsekeredwa kunja. Ngati makina ali m'chipinda chomwecho, amawazimitsa n'kuwadzutsa m'njira ya padera yokonzera zinthu. Koma ngati ali ku Lilongwe inu muli ku Luchenza, kapena ali kutsidya kwa nyanja, ndiye kuti makalata, malipiro kapena zolembedwa za odwala zimene zili m'menemo zikhala zopanda wozisamala kufikira wina atafika pamalopo. N'chifukwa chake akuluakulu a ntchitoyi amalangiza kuti shell ya root isamaseweretsedwe, ndi kuti wosintha ayambe wayesa kulowera pa khomo lachiwiri asanatseke loyamba. A dongosolo la FreeBSD, mdzukulu wa Unix wa ku Berkeley, adachita kuikiratu dzina lachiwiri la nambala 0, lotchedwa toor, ndiye root wolembedwa chobwerera m'mbuyo, kuti wofuna shell yachilendo aipereke kwa toor, root atsale ndi yake yodalirika.

Khomo litatseguka chotero, ma shell adachuluka. David Korn wa ku Bell Labs adaonetsa ksh m'chaka cha 1983, imene idaphatikiza zabwino za Bourne ndi za Joy. Koma idali katundu wa kampani. Gulu la GNU, limene Richard Stallman adalilengeza m'chaka chomwecho pofuna Unix waufulu, lidapatsa Brian Fox ntchito yolemba shell yawoyawo, ndipo bash idatuluka mu 1989. Chaka chotsatira wophunzira wa ku Princeton, Paul Falstad, adalemba zsh. Mu August 1991, pamene Linus Torvalds wa ku Finland ankalengeza njere yake yatsopano imene idadzatchedwa Linux, bash idali imodzi mwa mapulogalamu awiri amene adanena kuti ayamba kale kuyenda pa njereyo. Mwa njira imeneyi bash idafalikira kwambiri, ndipo ndiyo imalandira munthu pa Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa mu 2004, nautcha dzina limene ife timati umunthu.

Kuti muone kulimba kwa mwambo wa dangali, tengani zimene idachita kampani ya Apple. Makompyuta ake a Mac akhala akuyendera dongosolo la mtundu wa Unix kuyambira 2001. Poyamba ankalandira anthu ndi tcsh, mphukira ya csh ya Bill Joy. Mu 2003 adasinthira ku bash, ndipo mu 2019 adasinthiranso ku zsh. Buku lawo la maina a anthu adalisamutsira kwina, silikhalanso m'fayilo yakale ija, koma danga la shell likadalimo. Ndipo pa kusintha kwa 2019 kampaniyo sidakhudze danga la anthu amene adali kale ndi maina awo pa makina. Idangowaikira uthenga wowauza kuti akafuna shell yatsopano alembe okha lamulo la chsh. Kampani yaikulu chotero idaona kuti danga limenelo ndi la mwini dzina.

Tibwerere ku Thyolo kumene tidayambira. M'boma lomweli, ku Ndata, kuli yunivesite ya Malawi University of Science and Technology, imene idalandira ophunzira ake oyamba m'chaka cha 2014. Mnyamata kapena mtsikana wophunzira za makompyuta kumeneko, tsiku limene adzatsegule makina a Linux n'kuona chizindikiro cha dola chikumudikira pa galasi lakuda, adziwe kuti chizindikiro chimenecho n'cha banja la shell ya Bourne ya 1979. Akaona chizindikiro cha peresenti, ndiye kuti walandiridwa ndi csh kapena zsh. Ena mwa ophunzirawo agogo awo adathyola tiyi m'mapiri omwewo.

Ngakhale mayi amene ali m'munda wa tiyi lero, dengu kumsana, ngati m'thumba mwake muli foni ya Android, wanyamula njere ya Linux, ndipo m'kati mwa foniyo muli shell yotchedwa mksh, ya fuko la ksh ya David Korn, imene Android adayamba kuigwiritsa ntchito m'chaka cha 2011. Kusiyana kwake n'kwakuti pa foni mwini wake sakumana nayo shell imeneyo. Amalandiridwa ndi tizithunzi togusa ndi chala, shell ili kuseri ikutumikira okonza mafoni ndi olemba mapulogalamu, ndipo chsh opanga mafoniwo sadaikemo.